Tepi ya Mbasela

Chaka chomwe tinayamba kuvotera zipani zambiri chija, mwezi wa Juni, chisanu chikuluma zala ngati leromu, ine ndinagula wayilesi ya kanema, deki yake ndi matepi makumi awiri a mafilimu, zonsezo ndi matumba atatu a mbatatesi. Matumba atatu okha, ana inu, ndipo limodzi silinali lodzaza bwino. Musandiyang'ane ngati ndinaba. Sendezani benchiyo mulowe pakhonde pano, mvula yamawawayi siikata msanga, ndipo popeza mwandisokosera kuyambira m'mawa ndi mkangano wanu woti filimu yoposa zonse ndi iti, lekani ndikuuzeni za mkangano womwe unatha zaka makumi atatu pa Chimbiya pompano.

Wogulitsayo anali mtchona wochokera ku Joni. Anatsika basi pomwe pamaima maminibasi lero, atanyamula makatoni awiri, ndipo atafunsa za kwawo anamva kuti magetsi sanafikebe, njira yake ndi yokwera phiri, pomwe ndalama zinali zitamuthera paulendo. Alamu anga a Zefaniya, amuna a mlongo wanga Nangozo, omwe masiku amenewo ankacheka matabwa kuphiri la Dedza, ndiwo anayamba kulankhula naye, pakuti iwo aliyense wochokera ku Joni ankamufunsa funso limodzi: "Kumigodiko simunakumaneko ndi Yohane, wamtali, wachipsera pachibwano?" Mtchonayo anapukusa mutu, ndipo nkhani inatembenukira ku makatoni.

Ine sukulu ndinalekezera Sitandade 2, koma sikelo ya m'maso ndinabadwa nayo, ndipo ndinkadziwa kuti chikomekome cha mkuyu mkati muli nyerere. Munthu akamakugulitsa ng'ombe pamtengo wa nkhuku, yang'ana ziboda. Ndinamutengera kugolosale ina yomwe inali ndi jenereta, tinalumikiza zingwe, ndipo ndinayesa tepi iliyonse, koyambirira ndi kumapeto komwe, monga ndimakhuthulira thumba la mlimi kuti ndione zomwe wabisa pansi. Zonse zinali bwinobwino, mpaka ndinakhumudwa, chifukwa pochotsera mtengo panasowa. Anafuna matumba asanu ndi limodzi, ine ndinati awiri, tinakumana pa atatu, iye n'kuwagulitsa kwa dalaivala wa lole tsiku lomwelo. Koma dyera, ana inu! Tikugwirana chanza ndinati, "Nanga mbasela, achimwene? Malonda opanda mbasela ndi ndiwo zopanda mchere." Anaseka, napisa m'thumba la jekete, n'kutulutsa tepi imodzi yopanda chikuto. Tsono inu mukudziwa lamulo la pamsika pano: mbasela sasankha, sapima, sabweza. Tepi imeneyo yokha ndi yomwe sindinayese.

Ndinatsegula vidiyo kuseri kwa benchi yanga yambatatesi, m'kanyumba ka zidina, mawindo nditatseka ndi masaka, ndipo tinkaonetsa masana pa masiku amsika. Inu lero aliyense ali ndi kanema wakewake m'manja, zingwe m'makutu, kuseka yekha ngati wazungulira mutu, ndipo pakatopetsa mumangokankha ndi chala kuti zithamange. Ife tinkadzazana anthu makumi asanu ndi limodzi m'chipinda chimodzi, fungo la thukuta, utuchi ndi chimanga chootcha, tonse kupumira pamodzi. Mdani akamazembera ekita, ndiye kuti mwini filimu uja, chipinda chonse chinkakuwa kuti, "Cheuka iwe! Ali kumbuyo kwako!" ndipo akacheuka tinkanyadira kuti watimvera.

Mwa onsewo panali anthu anayi odwala matenda a mafilimu osachiritsika: ineyo, alamu anga a Zefaniya, a Jailosi okazinga nyama ya nkhumba pamsewu, ndi a Dominiko, aphunzitsi a ku Kasina, omwe ankapalasa njinga mtunda wonsewo Loweruka lililonse. Msika ukatha tinkakhala pakhonde lino, n'kujambula timabwalo pansi ndi kamtengo, bwalo lililonse filimu yake, ndipo aliyense ankatenga mbatatesi imodzi n'kuiika pa filimu yomwe akuti ndiyo yoyamba. Iwe wachipewa chofiira ukuseka, koma mavoti athu sanabedwepo. Pa nambala yachiwiri, yachitatu mpaka yachikhumi tinkagwirizana ndithu, pena mokokana, pena mogulana ndi kanyama ka a Jailosi. Koma pa nambala wani, aliyense ankaika payekha. Imodzi, imodzi, imodzi, imodzi.

A Jailosi ankaika pa filimu ya karate ya mnyamata wophika m'khitchini yemwe anagwetsa anthu makumi atatu ndi anayi ndi chipande. Anawawerenga okha, kawiri. "Filimu ndi zibakera," ankatero, "zinazi ndi misonkhano." A Dominiko ankaika pa ya mphunzitsi wina wosauka yemwe ana ake anadzakhala mabwana n'kubwera kudzamuthokoza, ndipo ankalira malo omwewo nthawi zonse, a Jailosi n'kumati, "Aphunzitsi, mukulirira filimu kapena penshoni?" Ine ndinkaika pa ya tambwali wina yemwe anagulitsa hatchi imodzi kwa anthu atatu, onse n'kumuthokoza. Imeneyo kwa ine inali sukulu. Koma alamu anga, chiyambire tsiku lomwe tinaionera, mbatatesi yawo inkapita pa tepi ya mbasela.

Imvani za filimu imeneyo. Inali ya dziko lina lamapiri, lozizira kuposa kuno, chilankhulo chake sitinachimvepo, ndipo zilembo za dzina lake zinali ngati pomwe papalasa nkhuku. Ndinaimitsa tepi n'kuzikopera pa thabwa ndi penti, chimodzichimodzi, osadziwa kuti ndikulemba chiyani, kuti chikhale chikwangwani choitanira anthu. Munalibe ndewu, munalibe galimoto. Munali munthu mmodzi ndi bulu wake. Koyambirira tinaona mkulu wake akutsanzika kupita kukagwira ntchito kutali, zaka n'kudutsa osabwerera, ndipo mayi wawo atadwala anapatsa wamng'onoyo jekete la mkuluyo kuti akamufune. Basi, ulendo. Kukwera, kutsika, kufunsa anthu, kuonetsa jekete, anthu kuloza kutsogolo. A Jailosi anagona kawiri. Potsiriza munthu uja anafika pamtsinje waukulu, patsidya pali kanyumba kamodzi kakufuka utsi, ndipo anamangirira bulu, nakumbatira jekete, naponda pa ulalo wa zingwe. Chipinda chonse chinati zii. Phazi loyamba, lachiwiri, ulalo ukugwedezeka.

Kenaka chithunzi chinaphethira, ndipo tinangoona ukwati.

Ukwati ndithu, wa anthu akuda ngati ife, a ku Joni, keke yosanja katatu, bambo wina wonenepa akuvina ndi kampango m'manja, amayi akululutira. Wina anajambulira ukwati wa abale ake pamwamba pa mathero a filimu. Mayi wina wogulitsa kabichi anaimirira n'kuomba m'manja, amvekere, "Wakwatira! Ambuye alemekezeke, wavutika mwana uja!" A Jailosi anadzidzimuka kutulo nati, "Wanenepa liti chonchi?" Ena anayamba kufuna ndalama zawo, ine ndinati mwaonera mafilimu awiri pamtengo wa imodzi, muonjezere. Tinaonera ukwatiwo mpaka kutha, tikuyembekeza kuti mwina bulu atulukira, koma tepi inathera pa agogo ena akulongedza nyama m'chikwama.

Loweruka lotsatira alamu atayika mbatatesi yawo pamenepo, a Dominiko anakana. "A Zefaniya, mayeso osamaliza sitichonga. Filimu yopanda mathero ingakhale bwanji yoyamba?"

"Mathero alipo," anatero alamu. "Mkulu wakeyo ali m'kanyumbamo. Utsi uja wakoleza ndani?"

Ine pakamwa panga pamathamanga kuposa mutu. Ndinati, "Utsi ndi utsi, alamu, ngakhale pamaliro umafuka. Munthu wosowa zaka zonsezo ndi wakufa. Akapeza manda."

Alamu anandiyang'ana, utuchi uli m'nsidze. "Thumba la mbatatesi," anatero. "Amupeza wamoyo."

"Thumba," ndinavomera, tinagwirana chanza, aphunzitsi n'kudula pakati.

Mlongo wanga Nangozo atamva anandilondola mpaka kumunda. "Achimwene, nzeru zanu zonse zinathera pa sikelo? Simudziwa chomwe amakhalira kutsogolo tepi imeneyo ikamaonetsedwa? Yohane amene amafunsa m'mabasi uja ndi mkulu wawo, bere limodzi. Anapita kumigodi iwo ali mnyamata, kalata imodzi yokha, basi. Apongozi anga anamwalira akuyang'ana kumsewu. Inu mwabetcha kuti munthu wawo ndi wakufa." Ndinkadziwa za Yohane, ana inu, aliyense ankadziwa, koma sindinalumikize. Ndinafuna kukabweza mawu, koma kubweza kukanakhala kuwauza kuti ndawamvera chisoni, ndipo a Zefaniya ukawamvera chisoni amakusala mwezi wathunthu. Ndinadzitonthoza kuti mathero a filimuyo sadzapezeka mpaka kalekale, ndiye palibe adzapambane.

Zaka zinapita. Kunabwera mafilimu a ku Nigeria, a Jailosi n'kusuntha nambala yachitatu kuti mulowe ya mfiti yosanduka mphaka. Kunabwera zimbale, deki inafa, matepi anachita nkhungu, vidiyo ndinatseka, kanyumba kaja n'kukhala kosungiramo feteleza. Kunabwera omasulira mafilimu m'Chichewa, oika nthabwala zawo m'kamwa mwa Atchaina. Koma Loweruka linali Loweruka. A Jailosi atatisiya tinapitiriza kuwaikira mbatatesi yawo pa mnyamata wachipande, ndipo a Dominiko atatsatira tinachita chimodzimodzi, chifukwa munthu kufa si kusintha maganizo. Tinatsala awiri, nkhalamba ziwiri ndi mbatatesi zinayi, nambala wani ali wopanda mwini. Maso a alamu anachita ng'ala, moti bwalo lawo ankalipeza ndi kupapasa, koma sanaphonyepo.

Chakudza sichiyimba ng'oma. Chaka chathachi, nthawi yokumba mbatatesi, mwana wanga Agnesi, yemwe ndi namwino ku Lilongwe, anabwera kudzationa, ndipo anaima pa khola la akalulu akuyang'ana chitseko. "Ababa, zilembo izi n'zachiyani?" Linali thabwa lija, chikwangwani changa, pakuti ine sinditaya chinthu. Ndinamufotokozera. Analijambula ndi foni, anadinadina, ndipo madzi a tiyi asanawire anati, "Ndaipeza. Yonse, mpaka kumapeto." Zilembo zomwe ndinakopera osazidziwa, foni inaziwerenga ngati kalata ya kwawo. Ndisanamuletse anali atathamangira kale kwa azakhali ake kukalengeza, ndipo alamu anatumiza mawu akuti, "Lamulungu tikatuluka Misa. Abwere ndi thumba."

Ine sindigula thumba losakhuthula. Ndinati, "Agnesi, ndionetse kaye ndekha." Tinakhala kuseri kwa nkhokwe, iye n'kukankha ndi chala mpaka pa ulalo. Munthu uja anawoloka. M'kanyumbamo munatuluka mayi, anayang'ana jekete, naligwira, n'kuyamba kulira. Anamutsogolera kuseri, pansi pa mtengo, pomwe panali mulu wa miyala. Munthu uja anafunditsa jekete pamiyalapo, nakhala pansi, chitoliro chikulira, ndipo zilembo zinayamba kukwera. Ndinapambana, ana inu. Pa moyo wanga ndapambana malonda ambiri, ena mwachilungamo, koma sindinamvepo kupambana kowawa m'kamwa ngati kumeneko.

Lamulungu masana tinakhala pakhonde pawo, kadzuwa kakuwomba. Alamu anavala jekete la ku tchalitchi osalivula, Nangozo ali pamphasa, Agnesi atagwira foni. "Ine ndingoona mbuu," anatero alamu. "Inu alamu, pakamwa ndi panu. Muzindiuza zomwe zikuchitika, ngati anyamata omasulira aja." Ndinayamba bwinobwino, bulu, mapiri, mtsinje. Iwo ankanditsogolera, "Apa akumwetsa bulu. Apa nsapato yaduka." Anali ataisunga yonse m'mutu. Titafika pa ulalo anagwira bondo langa.

"Wawoloka," ndinatero. "Chitseko chatseguka. Watuluka mayi."

"Mkazi wake wa mkuluyo. Pitirizani."

Ndinayang'ana mlongo wanga. Iye ankaona chithunzicho ngati ine, ndipo anangoweramitsa mutu. Ndinatembenukira kwa alamu. "Kumbuyo kwa mayiyo kwatuluka bambo. Wamtali. Waimvi. Ndi yemweyo, alamu."

"Nanga mayiyo akuliriranji?"

"Chimwemwe. Amayi mumawadziwa."

"Mmm. Akupita kuti? Ndikumva mapazi pamiyala."

"Kuseri, pamthunzi. Akukakhala pansi acheze."

"Mapazi ndikumva a anthu awiri."

"Mkuluyo alibe nsapato."

Agnesi anatsokomola. Alamu anapendeketsa khutu. "Bwanji sakulankhula? Zaka zonsezi osaonana ndi mng'ono wake, ndipo ali duu?"

"Chimfine, alamu. Mawu anatsekeka. Kumazizira kumene kuja."

Chitoliro chija chinayamba, ndipo ine ndinapitiriza kuti wamuveka jekete, lamukwana, akumbatirana, mpaka nyimbo inatha. Kenaka alamu anayamba kuseka, pang'onopang'ono, mapewa akugwedezeka, misozi ikutsika m'maso oyera aja.

"Alamu," anatero, "zaka makumi asanu mwakhala mukunamiza anthu a m'mabasi kuti mbatatesi zadzana n'zokumba lero, ndipo amakukhulupirirani. Lero bodza lakukanikani bwanji? Chimfine! Maso ndiwo anatha, makutu alipo. Chitoliro chotere saimbira munthu wamoyo."



Anapukuta nkhope ndi mkono wa jekete. "Yohane ndinamuika kale mumtima, chaka chomwe tinaika amayi. M'mabasi ndinkangofunsa poti pakamwa panazolowera. Inu mumayesa ndinkaikonda filimuyi chifukwa amupeza? Ndinkaikonda chifukwa anapita. Anamanga bulu n'kupita kukamufuna. Ine amayi anandipempha kawiri, ndinati ndimalize kaye kucheka, ndipite chaka chamawa. Sindinapite." Analoza komwe kunali foni. "Tsono wafika. Jekete walipereka. Zaka makumi atatu munthu ali pa ulalo, lero watsika."

Nangozo anayamba kufwenthera m'chitenje, ndipo ine ndinayang'ana kuphiri ngati kuli china chatsopano. Ndinati mumtima, bola zatha mwamtendere. Koma wocheka matabwa saiwala muyeso.

"Tsono thumba langa lili kuti?"

"Thumba lanji? Mwanena nokha kuti ndi manda!"

"Ine sindinaone kanthu, ndine wakhungu. Amene waona ndi inu, ndipo mwanena ndi pakamwa panu, pamaso pa mboni ziwiri, kuti wamupeza wamoyo, waimvi, wopanda nsapato. Nangozo, wamva kapena sunamve?"

"Ndamva," anatero mlongo wanga, magazi anga enieni.

"Agnesi?"

"Ndamva, atsibweni. Mpaka chimfine."

"Koma linali bodza!" ndinakuwa.

"Bodza ndi lanu, thumba ndi langa. Ndipo mudzalikhuthule pano ndipapase zapansi, ndimakudziwani."

M'mawa mwake ndinalikweza pa njinga, thumba losankha, zikuluzikulu kuyambira pansi mpaka pamwamba, loyamba lotero chibadwire changa. Analikhuthuladi, napapasa imodzi imodzi, ndipo atamaliza anatambasula dzanja. "Nanga mbasela? Paja malonda opanda mbasela ndi ndiwo zopanda mchere." Ndinatola mbatatesi ina kuti ndiwapatse, koma anabweza. "Osati iyo. Ya Loweruka."

Loweruka tinajambula timabwalo tathu pomwe mwapondapo inupo. Ya a Jailosi pa chipande, ya a Dominiko pa mphunzitsi, ya alamu pa bulu. Yanga ndinaigwira kanthawi, ndikutsanzikana ndi tambwali wanga wa hatchi, kenaka ndinaiika pambali pa yawo. Anapapasa, napeza ziwiri, namwetulira ngati mwana. Ziwiri, imodzi, imodzi. Nambala wani anapezeka. Ndipo ndikuuzeni zoona, sindinaike mokakamizidwa kwenikweni, pakuti filimu yomwe yagwira munthu zaka makumi atatu ilibe mathero, tambwali wanga sangaifike.

Tsono adzukulu anga, kanganani, musaleke, mkangano wa mafilimu ndi wokoma ndipo suphetsa munthu. Koma mnzako akakakamira filimu yomwe iwe ukuiona yozizira, yopanda chibakera n'chimodzi chomwe, usathamangire kumuseka, yamba wafunsa kuti akuonamo ndani, pakuti khotekhote ngwa njira, palinga mtima mpomwepo. Nthawi zina chotsani zingwezo m'makutu, muonere pamodzi, wina akuwe kuti cheuka. Ndipo ngati kuli munthu amene mukuti mudzakamuona chaka chamawa, minibasi ndi izo zaima apozo.

Mvula yakata, kagwireni ntchito, ndipo iwe wachipewa undibwezere benchi pomwe unaipeza. Alamu anga ndi awo akubwera ndi ndodo apo, lero ndi Loweruka. Mukawafunsa akuuzani kuti pa malonda onse aja mtchona anapita ndi ndalama za matumba ake atatu, anthu a pa Chimbiya anaonera ukwati waulere, iwo anadya mbatatesi mwezi wathunthu. Amene analipira tepi yaulere ija ndi ine, katswiri wa malonda: thumba limodzi losankha, ndi mbatatesi imodzi yapamwamba.